Mliri, Maliro ndi Chinansi m'Zingwangwa

Mwa malamulo onse amene anadza ndi mliri wa kolona m'chaka cha 2020, panalibe lina lolemera pamtima wa Mmalawi koposa lija lakuti munthu atalikirane ndi mnzake. Pakuti kusamba m'manja tinakudziwa kale, popeza palibe amene amayamba nsima asanasambe, ndipo kuphimba pakamwa ndi pamphuno, kungakhale kunali kosautsa m'miyezi ya dzuwa, telala wa pakhonde la golosale anatipeputsira ndi kansalu kotsala pa chitenje. Koma kuuza anthu amene analeredwa ndi mwambi wakuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, kuti kuyambira tsopano chikondi chawo achisonyeze pothawana, kunali kuwalamula chinthu chimene pakati pa ife chimaganiziritsa munthu ufiti. Wosazonda odwala, wosafika pamaliro, wodya atatseka chitseko, ameneyo ndiye amene makolo athu ankamuloza ndi milomo. Tsono mliri unadza, nunena kuti munthu wotereyu ndiye wanzeru, ndiye wokonda abale ake.

Tsopano pamene mitima yakhala pansi, nkoyenera kufunsa kuti anthu a m'malokeshoni a Blantyre anachipeza kuti chiyembekezo m'masiku aja, ndipo anagwirana bwanji pamene ngakhale kugwirana chanza kunaletsedwa. Yankho lake tilifune m'Zingwangwa, mudzi wa m'tauni umene wagona m'munsi mwa phiri la Soche, moyandikana ndi Chitawira, Nkolokosa, Chimwankhunda ndi Chilobwe. Ndipo chimene tichipeze kumeneko chidzafanana ndi cha ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni ndi ku Machinjiri, popeza umphawi wa mumzinda uno wa anthu ngati 800,000 uli ndi nkhope imodzi. Pa poloti imodzi pamakhala mabanja angapo a lendi, chimbudzi chimodzi, bafa imodzi, ndi chingwe chimodzi choyanikapo zovala. Ambiri madzi amakagula pa kiyosiki, ataima pamzere ndi zidebe zawo kusanache. Ndipo ndalama ya ndiwo za madzulo imapezeka masana a tsiku lomwelo, pa benchi ya tomato mumsika wa Zingwangwa, pa ganyu ku Ginnery Corner, pa kaunjika ku Limbe, kapena pa chishalo cha kabaza. Moyo wa malo otere umaima pa kuyandikana: mchere wopempha khomo linalo, moto wopala pa mbaula ya mnzako, mwana wosiyira amayi a nyumba yoyandikana popita ku geni, chipereganyu cha pa sabata, banki mkhonde ya amayi. Kuyandikana kumene kachilombo kanapezamo njira ndiko komwenso kunali nkhokwe ya osauka, ndipo amene sanamvetse chimenechi sanamvetse kanthu za mliri uja m'dziko muno.

Mliri si mlendo kwa ife. Makolo athu anaidziwa nthomba, ndipo wogwidwa nayo ankammangira msasa kunja kwa mudzi, koma osamtaya, chifukwa amene anapulumuka kale nthendayo, wa zipsera kumaso, ndiye ankamtengera phala ndi madzi. Motero nzeru ya kupatula wodwala popanda kumsiya inalipo pakati pathu Azungu asanadze ndi zipatala zawo. Kumapeto kwa chaka cha 1918 kunagwa fuluwenza, amene anayenda ndi asilikali ndi amtengatenga obwerera ku nkhondo, ndi amuna obwerera ku migodi ya kummwera, nalowa m'midzi imene inali itafooka kale ndi zaka zinayi za kunyamula akatundu a nkhondo ya eni. Ndipo m'masiku athu ano kunadza Edzi, amene wodwala wake woyamba anapezeka m'chaka cha 1985. Poyamba tinamchitira manyazi, tinabisa odwala kuchipinda, ena tinawapatulira mbale ndi kapu. Koma pambuyo pake amayi a Mvano, a Dorika ndi a m'miphakati ya Akatolika anaphunzira kuyenda khomo ndi khomo kusambitsa ndi kudyetsa ogona, odwala eni ake anadzimangira bungwe la NAPHAM m'chaka cha 1993, ndipo pofika 2004, pamene mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere, anthu anali ataphunzira kale kuti wodwala sathawidwa. Komatu Edzi, ndi nkhanza zake zonse, anatilola kukhala pamphasa ya wodwala ndi kumgwira dzanja kufikira mpweya wake wotsiriza. Kolona anatimana ngakhale chimenecho.

Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi, masukulu natsekedwa pa 23 mwezi womwewo, nthendayo isanapezeke n'komwe mwa munthu aliyense m'dziko muno. Odwala atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo, ndipo pa 7 Epulo imfa yoyamba inachitika muno m'Blantyre. Patapita sabata imodzi, nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, a Jappie Mhango, inalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo, monga momwe maiko ena anachitira. Apa ndi pamene anthu wamba anayankhula. Mavenda a m'Blantyre, a ku Mzuzu ndi a m'matauni ena anatuluka m'misewu, nanena chimene mayi aliyense wa m'Zingwangwa ankachidziwa popanda kuwerenga buku, chakuti banja limene limagula ufa wa pa walikimani tsiku ndi tsiku silingatsekeredwe m'nyumba milungu itatu osafa ndi njala. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC linapita kubwalo lalikulu la milandu, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda anaimitsa m'bindikirowo usanayambe. Anthu a m'malokeshoni anali ngati akhate anayi aja a pa chipata cha Samariya, amene anaona kuti kukhala pomwepo ndi imfa, kulowa m'mudzi wa njala ndi imfanso, nasankha kunyamuka.

Ine ndikhulupirira kuti bwalo linaweruza molungama, pakuti boma linafuna kutseka zitseko lisanaike kanthu m'miphika. Ndipo umboni wake ndi wakuti ndalama zija za K35,000 pa mwezi, zimene zinalonjezedwa kwa mabanja osauka a m'mizinda mwezi womwewo wa Epulo, sizinayambe kufika m'mafoni a anthu kufikira chaka chotsatira. Koma tisadzinamize kuti ufulu umenewo unalibe mtengo wake. Miyezi yotsatirayo inali ya kampeni ya chisankho chobwereza cha pulezidenti cha pa 23 Juni, pamene andale a mbali zonse anasonkhanitsa makamu m'mabwalo ngati kunja kulibe nthenda, ndipo m'mwezi wa Julayi odwala anachuluka. Chimene chinatiteteza koposa nzeru zathu ndi ubwana wa mtundu wathu, popeza theka la Amalawi ndi ana osafika zaka 18. Ndipo kafukufuku wa magazi a anthu opereka magazi anasonyeza pambuyo pake kuti pofika pakati pa chaka cha 2021 oposa theka anali atakumana kale ndi kachilomboko, ambiri a iwo osadziwa.

Pofuna kuyamikira umunthu wathu tisalumphe pamene unapunthwa. Abale athu a ku Joni, amene kwa zaka zambiri anatumiza ndalama za lendi, za fizi ndi za malata, ntchito zawo zitatha ndi m'bindikiro wa ku South Africa, anabwera pa mabasi kudzera pa chipata cha Mwanza, ali ndi zikwama zokha. Ndipo kumapeto kwa Meyi 2020 oposa 400 a iwo, amene anasungidwa pa Kamuzu Stadium kudikira zotsatira za kuyezedwa, pamalo posakonzeka kusunga anthu, anathawa nabalalikira m'malokeshoni ndi m'midzi. Dziko linawatcha osamvera, ndipo ena m'makomo mwathu anawatsekera zitseko, kuiwala kuti dzulo lomwe ankawalandira ndi nthungululu. Anamwino ndi madokotala a pa chipatala cha Queens, amene m'mwezi wa Epulo ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera, anakumananso ndi tsoka lomwelo: ena anakanizidwa kukwera minibasi atavala yunifolomu, ena eni nyumba anawaopseza kuti asamuke. Mantha ndi otero, amamtenga wokuthandiza namusandutsa mdani. Ndipo mwambi uja wakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, tinaukumbukira mochedwa.

Mawa amenewo anafika m'mwezi wa Januwale 2021. Mtundu watsopano wa kachilomboko, umene unayamba kudziwika ku South Africa, unalowa ndi maulendo a Khirisimasi, ndipo nthenda imene ambiri ankaitcha ya olemera ndi ya okwera ndege inayamba kutchula maina odziwika. Pa 12 Januwale, tsiku limodzi, zinamwalira nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Mwezi usanathe anatisiyanso woimba Wambali Mkandawire. Bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe ndi nyumba ya boma ya ku Zomba zinasanduka zipatala. Misika inalamulidwa kutseka 5 koloko madzulo, anthu kukhala atalowa m'nyumba pofika 9 koloko usiku, ndi misonkhano kusapitirira anthu 50. M'masiku amenewo munthu ankaopa kutsegula foni m'mawa, chifukwa uthenga uliwonse unali wa imfa: mphunzitsi wakale, mkulu wa mpingo, mwini golosale wa pa siteji.

Pachipatala ndi pamene kupatukana kunayamba kuluma. Aliyense amene anagonekapo m'bale wake pa Queens adziwa kuti wodwala wa Chimalawi sagona yekha. Amakhala ndi gadiyani, kawirikawiri mayi, mlongo kapena mkazi wake, amene amagona pansi pa bedi kapena m'khonde, kumphikira phala, kumtembenuza, kumchapira, ndi kuthamangira anamwino zinthu zikavuta usiku. M'mawodi a kolona gadiyani sanaloledwe. Wodwala ankalowa yekha, akupuma movutika, nazingidwa ndi anthu obisika nkhope amene sakanatha kuwazindikira ngakhale akanakhala ana a mlongo wake. Ndipo abale ankatsala kunja kwa mpanda ndi kontena ya chakudya, kudikira kuti wina atuluke adzawauze mawu amodzi. Pamenepo anamwino, otopa ndi amantha monga anthu ena onse, anasenza ntchito imene sinalembedwe m'maphunziro awo: kudyetsa, kugwirizira foni kukhutu kwa wodwala kuti amve mawu a mkazi wake, ndi kukhala pambali pake pa ola lotsiriza kuti asafe ngati mlendo. Makina opanga mpweya wa okisijeni amene anamangidwa pa Queens m'chaka cha 2020, ndi thandizo la bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, anapulumutsa ambiri. Koma chimene abale a omwalira amachikumbukira kufikira lero ndi dzina la namwino amene anawaimbira foni.

Koma bala lalikulu linali la maliro, ndipo pano ndiyenera kuchedwapo, chifukwa amene sadziwa maliro a m'lokeshoni adzayesa kuti anthu ankalirira mwambo chabe. Munthu akamwalira m'Zingwangwa, nthambi zamasamba zimaikidwa pamsewu kuti woyenda achepetse liwiro ndi wa njinga atsike. Amfumu a m'deralo amatumiza uthenga, ndipo khomo lililonse limatulutsa chimene lili nacho, kaya ndi mbale ya ufa, kaya mtolo wa nkhuni, kaya kandalama kolembedwa m'kabuku. Amayi amalowa m'siwa kukhala ndi wofedwa, abambo amakhala panja pamoto, makwaya amasinthana usiku wonse. Ndipo m'mawa, anthu ataona nkhope, lole imanyamula bokosi ndi khamu kupita ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu kapena ku Ntcheu, kumene adzukulu akhala akukumba chiyambire mbandakucha, kapena ulendo umalunjika ku manda a HHI. M'zonsezi muli ntchito yaikulu yobisika. Ndi pamaliro pamene wamasiye amaona ndi maso ake kuti sanatsale yekha. Ndi pamene eni mbumba amakhala pansi kukambirana za ana otsala, za lendi ya mwezi wamawa ndi za katundu. Ndi pamene okangana amakakamizika kukhala pa mkeka umodzi. Abwenzi a Yobu, tikumbuke, anachita bwino koposa m'masiku asanu ndi awiri aja amene anangokhala naye pansi osanena kanthu. Maliro n'kulirana, anatero akale, ndipo wosauka wa m'tauni alibe inshuwalansi ina yoposa imeneyi.

Tsono taganizirani mayi amene mwamuna wake anamperekeza pa chipata cha chipatala Lachiwiri, namva Lachisanu kuti wapita. Thupi osabwera kunyumba, koma kuchoka ku mochale kulunjika kumanda, litakulungidwa m'thumba la pulasitiki ndi kupoperedwa mankhwala, litanyamulidwa ndi anthu ovala zoyera kuyambira kumutu kufikira kumapazi. Popanda kusambitsa, popanda kuona nkhope, popanda kugona pamaliro, abale ochepa ataima patali ngati odutsa m'njira. M'maboma ena anthu anafika polimbana ndi ogwira ntchito zachipatala pofuna kulanda matupi a abale awo, ndipo mphekesera zinabuka zakuti m'mabokosimo mulibe anthu, kapena kuti ziwalo zachotsedwa. Chiwawacho sindichivomereza, pakuti amene anagendedwa anali ana athu omwe, ogwira ntchito yoopsa pa malipiro ochepa. Koma ndikana kuchitcha umbuli. Munthu amene sanaone nkhope ya wakufa wake mtima wake sukhulupirira imfayo, ndipo pamene choonadi chabisidwa m'thumba, bodza limapeza pokhala.

Nanga anthu anachita chiyani? Ambiri, tinene zoona, anangophwanya lamulo, makamaka pa imfa zimene chipatala sichinazitchule kuti ndi za kolona. Anasonkhana monga kale, masiki ali pachibwano, chifukwa kuopa kunyozedwa ndi mudzi kunaposa kuopa nthenda. Koma ena, ndipo awa ndiwo ndifuna kuwachitira ulemu, anasiyanitsa mwambo ndi udindo umene uli m'kati mwa mwambowo, nasunga udindo pamene mwambo unalandidwa. Chipepeso chimene kale chinkaponyedwa m'mbale chinayamba kuyenda pa Airtel Money ndi pa Mpamba, ndipo wina wokhulupirika ankalemba maina a opereka pa gulu la WhatsApp kuti wofedwa adziwe amene anamkumbukira. Ana a ku Johannesburg ndi ku Cape Town, amene malire otsekedwa anawaletsa kudzaika kholo lawo, anaonera mwambo wa kumanda pa foni ya mphwawo. Amayi a mpingo, m'malo mophika pa mafuwa amodzi, ankaphika yense kwawo ndi kukatula pakhomo la wamasiye. Ndipo m'malo modzaza nyumba usiku umodzi, ankabwera awiriawiri kwa milungu ingapo, kukhala pabwalo motalikirana, kotero kuti ena ofedwa anazondedwa nthawi yaitali kuposa mmene zikanakhalira kale, pamene khamu limabalalika tsiku lotsatira kuika. Sindinena kuti foni inalowa m'malo mwa phewa lolilirapo, iyayi. Koma inanyamula uthenga wakuti tikukuona, ndipo kwa munthu wotsekeredwa m'chipinda chimodzi ndi chisoni chake, uthenga umenewo unali wosiyanitsa kupirira ndi kutaya mtima.

Chimodzimodzinso mabanja amene anauzidwa kubindikira kunyumba masiku 14. Lamulo linalembedwa ngati kuti nyumba iliyonse ili ndi chipinda chapadera, mpopi wake ndi chakudya cha milungu iwiri. Koma pa poloti ya lendi m'bindikiro unatheka pokhapokha ngati woyandikana naye anavomera kukatungira madzi, kukagulira makala ndi bonya, ndi kusiya pakhomo atagogoda. Kumene kunapezeka mnansi wotere, wodwala anakhala m'nyumba nachira. Kumene kunalibe, wodwala anabisa chifuwa chake napita kumsika. Motero chitetezo cha lokeshoni yonse chinatsamira pa chifundo cha khomo limodzi kwa linzake, ndipo nzeru ija ya msasa wa nthomba inaukanso pakati pa anthu amene sanaimvepo.

Mwezi uja wa Januwale 2021 kunachitikanso chinthu chimene chiyenera kukumbukiridwa m'mbiri ya dziko lino. Bambo wina wogonekedwa pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe analemba pa Facebook kupempha thandizo, kuti masilinda a mpweya alipo koma kachipangizo kolumikizira mpweyawo kwa wodwala kakusowa. Anzake anathamanga kusonkha ndalama, koma iye anamwalira. Mlembi Stanley Onjezani Kenani, ali kunja kwa dziko, pamodzi ndi anzake ena, anatsegula thumba la nzika wamba, ndipo m'milungu yochepa munalowa mamiliyoni ambirimbiri a makwacha, ochokera kwa Amalawi a ku Ulaya ndi ku America, kwa makampani, ndiponso kwa anthu a ndalama zochepa amene anatumiza K500 kapena K1,000 pa foni. Ndipo zipangizo za mpweya zinagulidwa ndi kutumizidwa m'zipatala. Chinsinsi cha thumbalo chinali chimodzi: ndalama yolowa ndi yotuluka inkalengezedwa poyera kuti aliyense aone. Pa nthawi yomweyo dziko linali kufunsa za K6.2 biliyoni ya boma yolimbanira ndi mliriwu, imene kafukufuku wa owerengera chuma cha boma anasonyeza m'mwezi wa Epulo 2021 kuti gawo lake linathera m'maalawansi ndi m'kugula kosatsata malamulo, kufikira nduna ya za ntchito inachotsedwa pa udindo. Ndalama ziwirizi ziikidwe pamodzi, kuti ana athu adzaone kuti Amalawi si anthu ouma manja, koma kuti amapereka kumene akuona kuti chopereka chawo chikufika. Ndipo kuti kudya ndalama ya mpweya pamene anthu akufa ndi befu ndi tchimo lofuula kumwamba.

Za mipingo ndinene mwachidule. Pamene boma linachepetsa osonkhana kufika pa anthu khumi m'mwezi wa Ogasiti 2020, atsogoleri a zipembedzo anadandaula kuti sanafunsidwe, ndipo chiwerengerocho chinakwezedwa. Mapemphero anagawidwa kangapo pa tsiku, okalamba anapemphera pa wailesi, ndipo Asilamu anatalikirana m'mizere imene mwa chikhalidwe chake imafuna phewa kukhudza phewa. Anaonekanso aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta, olonjeza kuti wokhulupirira sangadwale. Amenewo mphotho yawo analandiriratu. Koma mphamvu yeniyeni ya mpingo inaonekera m'timagulu tating'ono ta m'madera, mwa mkulu wa mpingo amene ankadziwa nkhalamba iliyonse ya m'chigawo chake, ndi mayi wa Mvano amene ankadziwa nyumba imene utsi sunafuke masiku awiri.

Kunalinso kufukiza. Masamba a bulugamu anathyoledwa m'mitengo yonse yofikirika, mandimu, jinja ndi adyo zinakwera mtengo pamsika, ndipo madzulo mabanja ankafunda bulangete pamwamba pa mphika wa nthunzi. Madokotala ananena zoona kuti nthunzi siipha kachilombo, ndipo ena anachedwa nazo kunyumba kufikira mpweya utawathera. Komabe ndimvetsa chimene chinkachitika pansi pa bulangetelo, pakuti mayi amene wauzidwa kuti nthendayi ilibe mankhwala sangakhale manja lende kuyang'ana mwana wake akutsokomola. Katemera atafika pa 5 Malichi 2021, milingo 360,000 ya AstraZeneca kudzera mu ndondomeko ya COVAX, ndipo a Chakwera atabayitsa poyera ku Zomba pa 11 Malichi, mafoni omwe aja amene ananyamula chipepeso ananyamulanso mphekesera za chizindikiro cha chilombo ndi za kusabereka. Ndipo pa 19 Meyi boma linatentha milingo 19,610 ya katemera amene anafika atatsala milungu yochepa kuti athe mphamvu. Amene anatembenuza mitima sanali zikwangwani za m'misewu, koma alangizi a zaumoyo oyenda pansi, abusa amene anapinda malaya pamaso pa nkhosa zawo, ndi agogo a pa poloti amene anabayitsa, napitirira kudzuka m'mawa kusesa pabwalo anthu onse akuona. Pofika Julayi, mliri utabweranso kachitatu, anthu omwewo anaima pamizere kufuna katemera amene anali atatha.

Amene analipira mtengo wosaoneka ndi ana. Masukulu anakhala otseka kuyambira Malichi mpaka Sepitembala ndi Okutobala 2020. Maphunziro a pa wailesi anafika kwa amene anali ndi wailesi ndi mabatire. Ndipo boma lomwe linapeza kuti m'miyezi imeneyo atsikana oposa 40,000 anatenga pakati, ndi ena ngati 13,000 analowa m'mabanja asanakhwime. Awa sawerengedwa pa anthu oposa 2,600 amene mabuku a boma amati anafa ndi kolona, koma miyoyo yawo inakhota pomwepo, ndipo ambiri a iwo tikukumana nawo lero pamsika, mwana kumbuyo, akugulitsa mandasi.

Mliri utazilala, ndowa za mpopi zija zimene zinaikidwa pakhomo la sitolo iliyonse zinachotsedwa, ndipo pasanapite nthawi kolera anabuka m'chaka cha 2022 napha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse, kufikira masukulu a m'Blantyre anachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Pakuti kulalikira kusamba m'manja kwa munthu wogula madzi pa chidebe sikukhalitsa ngati mpopi sunamuyandikire. Ndipo m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala nizitsikira pa Chilobwe usiku. Oyamba kufika ndi makasu, mafosholo ndi manja awo anali anthu a m'malokeshoni oyandikana, ndipo magulu a pa foni amene anaphunzira kusonkha chipepeso m'masiku a kolona ndi omwewo anasonkha zovala, ufa ndi mabulangete kupita nazo kwa othawira m'masukulu. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona. Koma pali madenga ena, monga la madzi, la mpweya wa m'chipatala ndi la malo abwino omangapo nyumba, amene ngakhale mitu yonse ya m'Zingwangwa itasonkhana singawasenze popanda boma, ndipo si chilungamo kutamanda kupirira kwa osauka pofuna kubisa ngongole imene olamulira ali nayo kwa iwo.

Mliri wina udzabwera, monga anabwerera ena onse, ndipo pempho langa kwa amene adzalembe malamulo ake ku Capital Hill ndi lakuti asanalembe adzayambe akhala pansi ndi amfumu a m'madera, alangizi a zaumoyo, mashehe, abusa, amayi osambitsa maliro ndi adzukulu, pakuti amenewa ndiwo adziwa chimene anthu angathe kusiya ndi chimene sangasiye angakhale uwaopseze ndi apolisi. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, m'malangizo ake a mwezi wa Malichi 2020, linanena kuti abale akhoza kuona nkhope ya womwalira ndi kolona, malinga asamkhudze kapena kumpsompsona, ndipo asambe m'manja pambuyo pake. Malangizo amenewo akanafika kwa onse oika maliro ndi kutsatidwa kuyambira pachiyambi, thumba likanatsegulidwa pang'ono kumutu, banja likanaima mapazi angapo kuchokera pa bokosi, ndipo amasiye ambiri a mumzinda uno akanatsanzikana ndi amuna awo popanda kuika moyo wa munthu aliyense pa ngozi.